Mutu 6: Ulimbo mu Kabuleta

1. Kiyi apita kwa wamng'ono

Tsiku limene bambo anagwa pa njinga yamoto, njingayo sinavulale kwenikweni. Inangopalika penti pa thanki ndi kupindika galasi limodzi. Eni akewo ndiwo anaona zokhoma, chifukwa mwendo unathyoka moipa. Madokotala anati akatuluka m'chipatala akakhale kwa mlongo wawo, pafupi ndi chipatalacho, kufikira atayamba kuponda.

Njingayo ndiyo inkadyetsa banja. M'mawa uliwonse bambo ankamangirira mabokosi a buledi kumbuyo kwake n'kukagawa m'magolosale. Tsopano inayenera kukhala m'kanyumba kosungiramo makasu ndi zitini zakale, kwa miyezi imene palibe ankadziwa kuchuluka kwake.

Pakhomopo panali ana awiri. Wamkulu anali mnyamata amene anzake ankamutcha Shasha. Dzinali analipata chifukwa cha kayendedwe ndi kavalidwe, pakuti ntchito imene anaichita mwaushasha palibe amene anaionapo. Wamng'ono anali mtsikana wa ku sekondale, ndipo aliyense ankamutcha Nagirisi. Kuyambira ali wamng'ono, diresi lake silinkafika madzulo lopanda girisi. Bambo akamakonza njinga, iye ndiye ankawapatsira sipanala, pamene Shasha ankati fungo la oyilo limamupweteketsa mutu.

Ana onse awiri ali pambali pa bedi la m'chipatala, bambo anatulutsa kachingwe. Pa kachingweko panali kiyi wa njinga ndi kiyi wa loko wa kanyumba kaja. Anakodola Nagirisi n'kumuveka pakhosi.

"Kiyi uyu ndikupatsa iwe," anatero. "Upite kwa amakaniko akakuuze kasungidwe ka njinga yongokhala. Ndikadzaipeza ili bwino, tchuthi chikubwerachi ukayamba kuphunzira ku galaja, monga wakhala ukundivutitsira muja."

Nagirisi anasangalala mpaka kuiwala kuti ali pakati pa odwala. Shasha anali kumiyendo kwa bedi, maso ali pa foni. Koma makutu ake anali atamva zonse.

2. Mawu a amakaniko

Amakaniko anali mnzawo wa bambo wakalekale, munthu wa imvi ndi magalasi omangidwa ndi waya. Nagirisi anawapeza akupukuta m'manja ndi chisanza chimene chinali chakuda kuposa manjawo. Atamva nkhani, anatola kabuleta yakale pa tebulo n'kumuonetsa. Anati kachitsulo kameneka ndi kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini.

"Mvetsera bwino, mwana wanga," anayamba motero. "Njinga imawonongeka kwambiri ikamangokhala kusiyana ndi ikamayenda. Ukuona kambale aka kapansika? Muno mumatsalira petulo nthawi zonse. Njinga ikakhala osalira, petulo ameneyo amauma pang'onopang'ono, ndipo chotsala chake chimamata ngati ulimbo. Tsono taona timabowo iti. Tina n'tating'ono moti singano singalowe. Ulimbo uja ukatitseka, ukhoza kuponda kiki, chitsulo cholizira injini chija, mpaka thukuta kukuthera, injini siingalire.

"Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yoti munthu aziiliza sabata iliyonse, osati kungoikhosomoletsa ayi, koma ilire mpaka itenthe bwinobwino, kuti petulo wakale apse, watsopano alowe. Njira imeneyi imafuna munthu wosaphonya. Iwe uli ndi sukulu, ndipo Loweruka uzipita kukaona bambo ako. Ndiye iwe tenga yachiwiri. Udzaze thanki kuti dzimbiri lisapeze malo. Utseke kampopi ka petulo kali pansi pa thanki, ulize injini, uisiye ilire mpaka izime yokha. Ukatero umasule kabawuti aka kapansi pa kambale, madontho otsala atuluke, umangenso. Basi. Kabuleta youma siimata, ngakhale itakhala mpaka mvula ibwerenso.

"Chinthu chimodzi ndikuchenjeze. Ntchito imeneyi ndi yaifupi, ndipo ntchito zazifupi ndi zimene anthu amati ndichita mawa. Ukafika kunyumba usavule n'komwe nsapato. Ndipo kiyi amene wakupatsa bambo ako asayende m'manja mwa anthu, ngakhale munthuyo akhale wa magazi ako."

Nagirisi analonjeza. Amakaniko anamubwereka kabotolo kotchingira madontho aja, ndipo iye anathamanga ulendo wa kunyumba.

3. Pakamwa pa Shasha

Thanki anali atadzaza kale bambo m'mawa wa tsiku la ngoziyo. Nagirisi anatsekula kanyumba, anagwada pambali pa njinga, n'kutseka kampopi. Dzanja lili pa kiyi, khomo linada. Anali Shasha.

Sanabwere ndi ukali. Anakhala pa chitini chopanda kanthu n'kufunsa zimene amakaniko ananena, ndipo anamvetsera mofatsa ngati munthu wofunadi kudziwa. Nagirisi anafotokoza njira zonse ziwiri, akunyadira kuti achimwene ake lero akumufunsa nzeru.

Pamenepo Shasha anatsitsa mawu. Anati anzake akumuseka kuti pakhomo pawo mwamuna ndi mtsikana. Anati sangathe ngakhale kudutsa pa bwalo la mpira osamva mawu onyoza. Iye sankafuna kuyenda nayo njingayo, ankangofuna kuti nayenso akhale ndi gawo pa chinthu cha bambo ake.

"Si wanena wekha kuti njira zilipo ziwiri?" anatero. "Loweruka iwe ndi amayi mukapita ku chipatala, ine ndimatsala pano. Ndiziiliza mpaka itenthe. Ulemu wonse udzakhala wako, ine sindikufuna kanthu. Kapena nawenso ukundiona ngati munthu wachabe?"

Funso lomalizali ndi limene linamugwetsa Nagirisi. Anakumbukira mawu a amakaniko, koma anakumbukiranso kuti uyu ndi yemwe ankamubereka kumsana popita ku sukulu ya mkaka, ndi yemwe anamenyana ndi anyamata atatu tsiku lina chifukwa cha iye. Chisoni chinamugwira.

Anafunsa ngati achimwene akewo ankadziwa kuliza injini. Shasha anaseka chikhakhali, nati mwana wa mwini njinga sangafunsidwe funso lotero.

Nagirisi anamasula makiyi pa kachingwe n'kumupatsa. Shasha anapempha kuti amayi ndi bambo asauzidwe, poti akanati mtsikanayo waphwanya mawu awo. Choncho kachingwe kanatsala pakhosi pa Nagirisi, kolowetsa m'kati mwa bulauzi, kuti wongoona aziti kiyi ali pomwepo. Kabotolo ka amakaniko kanabwerera kwawo kali kouma, ndipo Nagirisi anakabweza mwamsanga, eni ake ali pansi pa galimoto, kuti asamufunse.

4. "Ili bwino, bambo"

Loweruka loyamba, bambo anafunsa ngati anachita zimene amakaniko anamuuza. Nagirisi anavomera ndi mutu. Mumtima anadziuza kuti si bodza, chifukwa njira zinali ziwiri.

Atabwerera kunyumba madzulo, anapeza Shasha akutsimphina. Anati anamuchita chipongwe ku mpira. Za njinga anati inalira bwino kwambiri, moti agalu a pafupi onse anauwa.

Masabata anatsatana motero. Nagirisi akafunsa, yankho linali lokonzeka kale. Tsiku lina inalira mpaka nkhuku zinathawa. Tsiku lina inatentha moti munthu akanawotchapo chimanga. Shasha ankadziwa kukometsa nkhani, ndipo mlongo wakeyo ankaseka n'kupita kukawerenga mtima uli m'malo.

Makiyi aja ankayenda. Kunyumba ankakhala m'thumba, koma Shasha akangotuluka pa geti ankawazunguza pa chala kuti aliyense awaone. Anzake anasiya kumuseka. Ena anayamba kumupempha kuti adzawakweze bambo ake akachira.

Kamodzi kokha Nagirisi anakayika. Akudutsa pa kanyumba kaja anamva kafungo kachilendo, kowawasa, kosiyana ndi petulo amene ankamudziwa. Anaonanso kuti kangaude wamanga ukonde kuchokera pa loko kufika pa felemu ya chitseko. Anapempha kiyi kuti aone.

Shasha anakwiya. Anati kangaude amamanga usiku umodzi wokha, ndipo ngati mlongo wake akumutenga ngati wabodza, anene poyera. Masiku awiri sanamulankhule. Mapeto ake anapepesa ndi Nagirisi.

Ndipo Loweruka lililonse, bambo akafunsa za njinga yawo, iye ankayankha ndi mtima wonse kuti, "Ili bwino, bambo." Bambo ankamwetulira n'kuuza mlongo wawo kuti mwana uyu ndi wodalirika kuposa amuna ambiri.

5. Njinga ikana

Bambo anabwerera kunyumba Lachisanu, akuyenda ndi ndodo imodzi. Mwini bekale imene ankatengako buledi anali atatumiza uthenga woti ayambe Lolemba ngati mwendo ukulola. M'mawa wa Lachisanulo, galimoto yowabweretsa isanafike, Shasha anaponya makiyi pa tebulo la Nagirisi n'kumuuza kuti awabwezere pa kachingwe msanga. Nagirisi anamuthokoza.

Bambo sanafune n'komwe kukhala pansi. Anapita molunjika ku kanyumba, banja lonse lili pambuyo. Loko anavuta kutsekuka. M'katimo fumbi linali litakuta chishalo, ndipo fungo lowawasa lija linawalandira pakhomo. Nagirisi anaona fumbilo, koma anadzilimbitsa.

Popeza mwendo wa bambo unali usanalimbe, anauza Nagirisi kuti ailize. Mtsikanayo anakankhira njinga panja. Atafika pa kampopi kuti atsekule, anapeza kali kotsekula kale. Anaponda kiki pang'onopang'ono mpaka inalimba, monga bambo anamuphunzitsira, kenako anaponda mwamphamvu. Injini inangoti phwe. Anapondanso, n'kupondanso, mpaka thukuta linatsikira m'maso. Njinga inali chete.

Anatuma mwana wa pafupi kukaitana amakaniko. Iwo atafika ananunkhiza thanki n'kukwinya nkhope. Anayala chisanza pansi, anamasula kabuleta, n'kutsekula kambale kaja onse akuona. M'kati munali zinthu zofiirira, zomata, zonanda. Anakhudza ndi chala, ndipo pochotsa chalacho zinatamuka.

"Ulimbo uja ndi umenewu," anatero, osayang'ana munthu. "Kabuleta iyi sinakhuthulidwe. Kampopi kanali kotsekula, ndiye petulo ankauma, wina n'kulowa, n'kuumanso. Ndipo injini iyi sinalire chichokereni eni ake. Ikanalira ngakhale mwa apo ndi apo, sizikanafika apa."

Nagirisi anatembenuka kuyang'ana achimwene ake. Ankayembekeza kuti alankhula. Shasha anali atatsamira khoma, akuchotsa kanthu m'chikhadabo.

6. Kiyi asintha khosi

Bambo anafunsa mofatsa, ndipo kufatsako kunali koopsa kuposa kukalipa. Anafuna kudziwa chifukwa chake mwana amene anauzidwa zochita sanachite.

Nagirisi anafotokoza zonse. Ananena za tsiku limene anagwada pambali pa njinga, za pempho la achimwene ake, ndi za kachingwe kopanda kiyi. Sanabise mbali yake.

Bambo anayang'ana Shasha.

"Ine?" anatero Shasha. "Kiyi munapatsa ndani, bambo? Taonani pamene ali. Ine njinga yanu sindinaikhudzepo. Mwana ameneyu waiwala ntchito yake, ndiye akufuna pogwera."

Anakana kwamtuwagalu, m'maso muli gwa. Amayi anati iwo nthawi zonse ankaona kachingwe pakhosi pa mtsikanayo, ndipo ankanena zoona. Nagirisi anamva ngati pansi pachoka. Si njinga imene inamupweteka kwambiri. Chinamupweteka n'chakuti munthu amene anamumvera chisoni, amene anamuteteza ndi bodza la kachingwe, ankagwiritsa ntchito kachingwe komweko kumumangira mlandu.

Bambo anakhala pa mpando umene amayi anawabweretsera, n'kugoneka ndodo pamiyendo.

"Sindinalipo, ndiye sindingadziwe amene akunama pa awirinu," anatero. "Koma chimene ndikudziwa n'chokwanira. Kiyi ndinaveka iwe, Nagirisi. Ngati unaiwala, walakwa. Ngati unapatsa wina, walakwanso, chifukwa sindinakutume kuti ukagawe ntchito yanga. Munthu akakusungitsa chinthu, wasankha iweyo, sanasankhe abale ako kapena anzako. Ukaona kuti chakukulira, umabwerera kwa mwini wake n'kunena, iye ndiye asankhe wina.

"Koma chimene chandiwawa si chimenecho. Loweruka lililonse unkandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ili bwino. Unaiona? Unaimva ikulira ndi makutu ako? Ku galaja ukufuna kupitako, munthu amabweretsa njinga n'kufunsa ngati mabuleki ali bwino. Ukayankha kuti ali bwino chifukwa wina wakuuza, munthuyo amakafera pa msewu. Mawu akuti ili bwino ndi olemera, mwana wanga. Sanenedwa ndi munthu amene sanaone. Za galaja tiyambe taziika pambali."

Atatero anatambasula dzanja. Nagirisi anavula kachingwe. Misozi inali itadzaza, koma anaikaniza kuti isagwe pamaso pa Shasha. Bambo analandira makiyiwo n'kuwapereka kwa mwana wawo wamkulu, nati mwina analakwitsa poyamba podumpha wamkulu.

Shasha anavala kachingweko pakhosi pake, kunja kwa shati.

Amakaniko nthawi yonseyi anali akuika tizitsulo ta kabuleta m'chitini. Anati akaviika mu mankhwala otsukira, akapemerera timabowo tonse ndi mpweya, ndipo petulo wakale yense mu thanki atayidwe. Ngati majeti, tizitsulo ta timabowo tija, sanadyeke, njinga ilira mawa lomwelo. Ponyamuka anayang'ana Shasha pamwamba pa magalasi awo, kuyambira kumutu mpaka kumwendo.

"Mawa m'mawa ndikadzamanga, woiliza ndiwe, mnyamata," anatero. "Bambo ako mwendo sunalimbe, ine ndakalamba, ndipo kiyi ali ndi iwe. Mwana wa mwini njinga, si nkhani yovuta imeneyo."

Bambo anavomereza kuti n'zoona. Shasha anayesa kumwetulira, koma milomo inakana.

7. Pa mpopi

Dzuwa litapendeka, Nagirisi anali pa mpopi kuseri kwa nyumba, akuchotsa girisi m'manja ndi sopo wochapira. Ankapukusa mwamphamvu kuposa mmene girisiyo inkafunira. Anamva mapazi kumbuyo, koma sanacheuke.

"Mlongo wanga," anatero Shasha, mawu ali pansi.

Nagirisi anapitiriza kusamba m'manja.

Shasha ananjuta pambali pake n'kuyamba kulankhula mofulumira. Anati Loweruka loyamba lija anayesadi. Anatsekula kampopi, anapotokola chogwirira choonjezera moto, n'kuponda kiki mwatheka. Kikiyo inabwerera n'kumumenya pa kakolo, moti anagwa pansi n'kulira yekha m'kanyumbamo. Za mpira zija linali bodza. Kuyambira tsiku limenelo sanatsekulenso loko. Kufunsa mlongo wake wamng'ono kunamuchititsa manyazi, ndipo sabata iliyonse manyaziwo ankakula.

"Ndiye munaona kuti bola manyaziwo asenze ndine?" anafunsa Nagirisi. Aka kanali koyamba kumuyang'ana.

Shasha anazolika. Sanapepese. M'malo mwake anagwira kachingwe kali pakhosi pake n'kunena chimene anabwerera.

"Undiphunzitse kapondedwe kake, chonde. Ungondionetsa lero, iwo asakudziwa. Ndikalephera mawa, bambo adziwa zonse."

Nagirisi anayang'ana kachingwe kaja. Kanali kakadali ndi mfundo imene anamanga yekha, ndipo mbali ina kanali kakuda ndi girisi ya zala zake. Munthu amene anamulanda galaja masana ankamupempha madzulo kuti amuthandize kusunga chimene analandacho.

Pomwepo anamva kugogoda kwa ndodo pa simenti, kukuyandikira pang'onopang'ono. Bambo anatulukira pa ngodya ya nyumba n'kuima, akuyang'ana ana awo awiri.

"Mukunong'onezana chiyani kuseri kuno?" anafunsa.

Shasha anagwira mkono wa mlongo wake n'kuufinya. Nagirisi anachotsa dzanjalo, anatseka mpopi, anapukuta manja ake pa siketi, n'kuimirira kuyang'anizana ndi bambo ake kuti awauze zimene wamva.